Ola la nkhomaliro ndi mphindi 20 zopuma: mafunso ndi mayankho kwa ogwira ntchito kuno kum'mawa

Nthawi ikakwana 13 koloko, suzumirani kuseri kwa kauntala m'mashopu ambiri a m'tauni ya Chipata. Mupezako kambale ka nsima kovindikira ndi pepala. Mwini wake watema mbamu ziwiri, watsukuluza m'manja mothamanga, wapita kukapimira kasitomala misomali. Pobwerera apeza nsima itauma pamwamba, msuzi wa kapenta utagwirana. Mukamufunsa ngati wadya, avomera. Mukamufunsa ngati wapuma, angoseka.

Ambiri amaona ngati kupuma pakati pa ntchito kumadalira mtima wa abwana, chonsecho nkhaniyi inalembedwa kale m'malamulo a dziko lino la Zambia. Nawa mafunso amene ogwira ntchito, ndi olemba ntchito omwe, amafunsa kawirikawiri.

Kodi lamulo limati ndizipuma nthawi yaitali bwanji pa tsiku?

Lamulo lake ndi Employment Code Act, nambala 3 ya chaka cha 2019, limene linalowa m'malo mwa Employment Act yakale ija ya 1965. Limakakamiza wolemba ntchito kuti tsiku lililonse logwira ntchito akupatseni zinthu ziwiri. Choyamba ndi ola limodzi lathunthu la chakudya. Chachiwiri ndi nthawi yopumitsa thupi ya mphindi zosachepera 20, zimene mungazitenge kamodzi kapena kuzigawa pawiri, mphindi 10 m'mawa ndi 10 zina chakumasana. Zonse pamodzi ndi ola limodzi ndi mphindi 20.

Pamenepa m'poyambira chabe. Ngati kontirakiti yanu, kapena pangano limene yuniyoni inasainirana ndi kampani, ikukupatsani nthawi yoposa apa, chimene chikugwira ntchito ndi choposacho. Koma pangano lokuchepetserani, lakuti nkhomaliro ndi mphindi 30 basi, lilibe mphamvu yoposa lamulo ngakhale munalisainira ndi dzanja lanu.

Lamuloli likukhudza ndani? Kapena ndi la anthu a m'maofesi okha?

Likukhudza wolembedwa ntchito aliyense: wogulitsa m'shopu ku Down Shops, wothira mafuta pa filingi m'mbali mwa Great East Road, wophika ndi woyala mabedi m'maloji a ku Mfuwe, wosenza mabelo ku jinale ya thonje, wosankha fodya, kalaliki wa pa chipata cha Mwami, ndi wantchito wa m'nyumba. Amene lamuloli linawapatula ndi asilikali, apolisi, ogwira ntchito za ndende ndi a nthambi ya ukazitape ya boma, popeza iwo ali ndi malamulo awoawo.

Mayi wogulitsa tomato wake pa msika wa Kapata, kapena mnyamata wonyamula anthu pa njinga yakeyake, alibe womulamula, ndiye kupuma kwake amadzipimira yekha. Koma ngati katundu ndi wa wina, inu mumangogulitsa n'kulandira malipiro pakutha pa sabata kapena mwezi, ndinu wolembedwa ntchito, ndipo ola lija ndi lanu.

Ine sindinasaine pepala lililonse. Tinangogwirizana pakamwa. Nanga pamenepo?

Pangano lapakamwa ndi pangano ndithu, ndipo lamulo limalizindikira. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti udindo wosunga zolemba za pangano lotere uli pa wolemba ntchito. Pakabuka mkangano iye n'kulephera kutulutsa zolembazo, mawu a wantchito amalandiridwa ngati umboni wa zimene munagwirizana. Komanso ntchito ya miyezi 6 kapena kuposerapo imayenera kukhala ndi kontirakiti yolemba. Choncho bwana amene akuti mulibe ufulu chifukwa mulibe pepala akudziulula yekha kuti sanachite mbali yake.

Abwana amati amandipatsa ndalama ya lanchi, choncho palibe chifukwa chopumira. Zoona zimenezi?

Ayi. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, zochokeranso m'malamulo osiyana. Ndalama ya lanchi ili m'malamulo a malipiro otsikitsitsa. M'malamulo amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2024, wogwira ntchito wamba wa gulu loyambirira anaikiridwa K2,313.10 pa mwezi, yogawika motere: K1,487 malipiro enieni, K446.10 ya nyumba, K200 ya thiransipoti ndi K180 ya lanchi. K180 imeneyo ndi yogulira chakudya, ndipo bwana amene amaphikitsa chakudya chabwino ndi chokwanira chaulere pa ntchito sakakamizidwa kuipereka. Koma kaya wapereka ndalama, kaya wapereka nsima, nthawi yodyera ikhalabe ngongole yake kwa inu.

Timadya ndithu, koma timadyera pakauntala. Kasitomala akabwera timanyamuka. Kodi kumeneko si kupuma?

Funso ili ndiye phata la nkhani yonse, chifukwa kuno kwathu mabwana okaniratu kuti munthu asadye ndi ochepa. Ochuluka ndi amene amati idyani, koma maso akhale pakhomo. Munthu amene akudya khutu lili kwa kasitomala, amene sangatuluke kukagula mankhwala a mwana, sangakhale pamthunzi kapena kutseka maso pang'ono, ameneyo ali pa ntchito. Kutafuna kokha sikusandutsa ola la ntchito kukhala ola lopuma.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa pamenepa pali ndalama. Lamulo limati tsiku la ntchito ndi maola 8, ndipo sabata ndi maola 48. Kuchokera 8 koloko m'mawa kufika 17 koloko ndi maola 9. Chimene chimawatsitsa kufika pa 8 ndi ola la chakudya lija. Mukagwira chonchi kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, mukwanitsa maola 48 ndendende. Koma ngati ola la chakudya mumathera pakauntala, ndiye kuti sabata yanu ndi ya maola 54. Maola 6 apamwambawo ndi ovataimu, ndipo ovataimu imalipidwa malipiro a ola limodzi ndi theka.

Malipiro a pa ola amapezeka pogawa malipiro enieni a pa mwezi ndi 208. Amene amalandira K1,487 ndiye kuti ola lake ndi K7.15, ndipo la ovataimu ndi K10.72. Maola 6 pa sabata ndi K64 ndi mangwee pang'ono. Pa masiku 26 a mwezi zikufika pafupifupi K279. Yerekezani ndi K180 ya lanchi ija. Munthu akhoza kumathokoza abwana chifukwa cha K180, osadziwa kuti iye akuwabwezera yoposa pamenepo mwezi ndi mwezi. Uku ndiye kudyerana masuku pamutu, ndipo nthawi zambiri abwanawo sanakhalepo pansi n'kuwerengera. Anangopeza anzawo akuchita choncho.

Musamve ngati ndikunena kuti bwana akalipira ovataimu ndiye kuti wagula ola lanu la chakudya. Kupuma kuyenera kuperekedwa basi. Masamuwa ndi ongokuthandizani kuona kukula kwa chimene mukutaya, ndi kudziwa chofunsa ngati zakhala zikuchitika kwa nthawi yaitali.

Kodi nkhomaliro iyenera kukhala 13 koloko yeniyeni?

Lamulo linatchula kutalika kwa nthawi, pamene ola lenileni mumakonza pamalo pa ntchito. Ku lesitilanti 13 koloko ndiye nthawi imene mapoto ali pamoto ndipo matebulo adzaza, choncho n'zomveka kuti operekera zakudya azidya 11 koloko kapena 15 koloko. Ku shopu ya anthu anayi, awiri apite 12 koloko, awiri 13 koloko. Chosamveka n'chakuti akuuzeni kuti mudzadya mukaweruka. Chakudya cha kunyumba madzulo si chimene lamulo likunena.

Ndimagwira ndekha m'kabuthi ka mobile money. Ndikatseka, abwana amati ndawathawitsira makasitomala.

Ogwira okha ndiwo amavutika koposa: a m'mabuthi, a m'timashopu ta m'makomboni monga Mchini ndi Navutika, a pa chigayo, a m'mabala ang'onoang'ono. Palibe wosinthana naye, ndipo ndalama zikasowa mlandu ndi wako. Komabe lamulo silinapatule bizinesi yaing'ono. Bwana ali ndi njira ziwiri: kubweretsa wina woti agwirizire ola limenelo, kapena kulola kuti patsekedwe.

Chimene chimathandiza ndi kukhazikitsa nthawi imodzi yosasinthasintha n'kuilemba pakhomo. Makasitomala sakwiya ndi buthi yotseka 13 koloko tsiku lililonse. Amazolowera n'kubwera 14 koloko. Amakwiya ndi yotseka mosadziwika. Ndipo chonde, musamasiyire mnzanu wa buthi yoyandikana foni ndi ndalama kuti muthamangire kukadya. Pakasowa K500 abwana sadzakumbukira kuti munali ndi njala.

Bwanji ndikasankha ndekha kusadya kuti ndiweruke msanga?

Ambiri amakonda zimenezi, makamaka okhala kutali amene amafuna kufika kunyumba kusanade. Koma chenjerani. Udindo wopereka nthawi yopuma uli pa wolemba ntchito, ndipo bwana wosamala adzakana chifukwa akudziwa kuti oyendera malo a ntchito akabwera, wofunsidwa ndi iye. Chinanso, mapangano otere sakhalitsa. Mwezi woyamba mumaweruka 16 koloko. Mwezi wachitatu lole ya katundu ifika 15:30, n'kukupemphani kuti mutsitse kaye. Pakutha pa chaka muona kuti nkhomaliro inapita, kuweruka msanga nakonso kunapita.

Kupita kuchimbudzi kapena kukamwa madzi, kodi kumachotsedwa pa mphindi 20 zija?

Lamulo lomweli limalamula wolemba ntchito kuonetsetsa kuti pamalo pa ntchito pali madzi okwanira ndi zimbudzi. Kuika mpopi n'kumawerengera munthu mphindi zokamwera madzi n'kupanda nzeru, ndipo kapitawo wochita zimenezi amangodzipangira odwala. Ganizirani mwezi wa Okutobala ku chigwa cha Luangwa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, kapena m'shedi ya malata ku Petauke dzuwa lili paliwombo. Munthu wosamwa madzi amayamba ndi mutu, kenako chizungulire, kenako dzanja lalowa m'makina. Ngakhale ng'ombe za pangolo timazimasula goli masana kuti zikamwe. Mphindi 20 zija ndi zokhala pansi, kuwongola msana ndi kupumitsa maso.

Ndine mlonda. Ndimalowa 18 koloko, kutuluka 6 koloko m'mawa. Ife lamulo limatiiwala?

Silikuiwalani, koma linakuikirani muyeso wina. Sabata ya mlonda ndi maola 60, osati 48, ndipo malipiro ake a pa ola amapezeka pogawa malipiro enieni a pa mwezi ndi 240. Mausiku 5 a maola 12 osapuma akwanitsa kale 60. Usiku wachisanu ndi chimodzi ndi ovataimu. Alonda ambiri kuno amagwira mausiku 6, ena 7, pa malipiro omwewo, ndipo pamenepa m'pamene pali ndalama zambiri zosalipidwa kuposa pa nkhani ya chakudya.

Za kupuma, ola la chakudya ndi mphindi 20 ndi za tsiku lililonse logwira ntchito, kaya ntchitoyo ndi ya usana kaya ya usiku. Vuto n'lakuti mlonda amakhala yekha pageti. Pamene pali alonda awiri, kusinthana n'kosavuta. Pamene pali mmodzi, kampani ndiyo iyenera kukonza womugwirizira. Chimene sichiloledwa ndi kutenga ola lopuma ngati chilolezo chogona osauza aliyense; akakupezani mukuliza mkonono geti lili pululu, mlandu wake ndi wina.

Ndabwerera ku ntchito ndili ndi mwana woyamwa. Nthawi yoyamwitsa ndi yomwe ija ya nkhomaliro?

Ayi amayi, imeneyo ndi yapadera. Kwa miyezi 6 kuchokera tsiku lobereka, mayi woyamwitsa ali ndi ufulu wa ola limodzi tsiku lililonse, kapena kawiri mphindi 30, pa nthawi yomukomera iye poganizira zofuna za mwana. Nthawi imeneyi sichotsedwa pa maola olipidwa. Tchuthi cha uchembere ndi masabata 14, choncho ambiri amabwerera mwana ali ndi miyezi itatu, ndipo amatsala ndi miyezi ina pafupifupi itatu yogwiritsa ntchito ufuluwu. Amene amakhala kutali ndi ntchito amapempha kulumikiza ola loyamwitsa ndi la chakudya kuti akhale ndi maola awiri opita kunyumba n'kubwerera. Ena amasankha kuweruka ola limodzi msanga. Kambiranani musanabwerere, musadikire kuti mkaka uyambe kudontha pa yunifomu.

Palinso zina zoteteza amayi. Woyembekezera amene wafika miyezi itatu yomaliza, ndi woyamwitsa mwana wosapitirira miyezi 6, sayenera kuikidwa pa shifiti ya usiku. Kukatsala miyezi iwiri kuti achire, sakakamizidwa kugwira maola oposa a tsiku. Ndipo achipatala akalemba kalata, sayenera kupatsidwa ntchito yoimirira nthawi yonse.

Nanga Mother's Day?

Ndi tsiku limodzi pa mwezi limene mkazi aliyense wolembedwa ntchito angakhale kunyumba popanda kalata ya dokotala ndiponso popanda kufotokoza chifukwa. Silifuna kuti mukhale ndi mwana. Kudziwitsako supavaiza kuti akonze wogwirizira ndi ulemu wabwino, koma iye alibe mphamvu yokufunsani mafunso.

Ife timagwira mwezi wonse osapumako tsiku. Akuti tidzapuma bizinesi ikachepa.

Pa masiku 7 aliwonse otsatizana muyenera kukhala ndi maola 24 otsatizana opuma. Silichita kukhala Lamulungu. A Sabata angagwirizane za Loweruka, a ku hotela angapume Lachiwiri. Akakuitanani pa tsiku lanu lopuma, kapena pa holide ya boma imene si mbali ya sabata yanu ya ntchito, malipiro ake ndi owirikiza kawiri. Maholide ake ndi monga 8 ndi 12 Malichi, 28 Epulo, 1 Meyi, Lolemba loyamba la Ogasiti, 18 ndi 24 Okutobala.

Dziwani kuti N'cwala ya ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale ndi Kulamba kwa ku Mkaika mu Ogasiti, ngakhale ndi masiku aakulu kwa ife, sali pa mndandanda wa maholide a boma. Ofuna kupita apemphe tsiku pa tchuthi chawo nthawi ikadalipo, chifukwa masiku amenewo mahotela ndi mabala a ku Chipata ndi Katete amafuna dzanja lililonse.

Ndine wa sizoni ku jinale, ndipo ena mwa ife timalipidwa potengera matumba amene tasenza. Kupuma kukutikhudza?

Kukukhudzani. Ntchito ya nyengo ndi imodzi mwa mitundu ya ntchito imene lamulo limaizindikira, ndipo kupuma n'kwa tsiku lililonse limene mwagwira, osati kwa okhazikika okha. Chovuta pa malipiro a pa thumba n'chakuti palibe amene amakuletsani kupuma. Mumadziletsa nokha poona mnzanu akuonjezera matumba inu mutakhala pansi. Mankhwala ake ndi kuima nonse nthawi imodzi, sikelo n'kutsekedwa, kalaliki n'kuika cholembera pansi. Zikatero palibe wopitirira mnzake. Ku jinale fumbi la thonje limalowa m'mphuno ndi m'chifuwa, choncho mphindi zopumazo muzithera panja pa shedi, osati mutatsamira belo.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ndipo ndimagona komweko. Nthawi yanga yopuma ndi iti?

Kugona pa nyumba ya abwana sikutanthauza kuti maola 24 onse ndi awo. Sabata yanu ndi ya maola 48 ngati ya wina aliyense, ndipo malipiro otsikitsitsa a antchito a m'nyumba anakwera kufika K1,300 kuyambira Januwale 2024. Kudya mutabereka mwana wa madamu kumbuyo, kapena mukuyang'anira mphika wa nyemba, ndi chimodzimodzi kudyera pakauntala kuja. Nthawi yabwino yopuma m'nyumba zambiri ndi pamene ana ali kusukulu kapena agona masana. Ipempheni mwaulemu koma momveka: kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti ndizikhala kuchipinda kwanga. Vuto limakula kwambiri wantchito akakhala wachibale wochokera kumudzi, chifukwa pamenepo amati ndi mwana wa pakhomo. Ngati amalandira malipiro pa mwezi, ndi wantchito, chibale chili apo.

Ndine mwini kashopu, antchito anga ndi awiri. Nditani kuti ndisalakwire lamulo?

Lembani ndandanda ya nthawi ya aliyense n'kuimata pakhoma: wina 12 mpaka 13, wina 13 mpaka 14, ndi mphindi 10 kawiri. Mmodzi akadwala, gwirizirani nokha kapena tsekani ola limenelo. Ikani benchi kuseri, kutali ndi kauntala, kuti wopuma asaoneke kwa makasitomala, chifukwa kasitomala akaona yunifomu amaitana basi. Sungani kabuku kosainira nthawi yolowa, yopuma ndi yoweruka. Tsiku limene wantchito adzakusumirani, kabukuko ndi kamene kadzakuyankhulirani.

Ndikufuna kudandaula, koma ndikuopa kuchotsedwa ntchito. Ndiyambire pati?

Mantha amenewa ndi omveka. Ntchito n'zosowa, ndipo abwana ena sachedwa kukumbutsa kuti pageti pali anthu khumi akudikira malo anu. Lamulo limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa choti wapereka dandaulo lokhudza kuphwanyidwa kwa malamulo, koma chitetezo chimenechi chimagwira bwino ntchito kwa amene ali ndi umboni m'manja.

Yambani ndi kabuku kanu. Tsiku lililonse lembani deti, nthawi yolowa, yoweruka, ndiponso ngati munapuma kapena ayi. Sungani mapeyisilipi ndi mauthenga a pa WhatsApp amene abwana anakuitanirani pa tsiku lopuma. Kenako kambani ndi supavaiza kapena mwini wake, makamaka muli awiri kapena atatu, pa nthawi imene shopu ilibe anthu. Musayambe ndi kuopseza za ku Leba. Yambani ndi ndandanda yosinthana imene mwakonza kale, kuti aone kuti bizinesi siima. Pamene pali yuniyoni, pitani kwa woimira antchito.

Zikakanika, pitani ku ofesi ya Leba, imene ili pansi pa unduna wa zantchito, Ministry of Labour and Social Security. Ku Chipata ofesiyi ilipo, ndipo undunawu uli ndi nambala yaulere ya 7010. Maofesala a Leba ali ndi mphamvu yolowa pamalo pa ntchito, kuona mabuku, kufunsa antchito ndi kuitanitsa wolemba ntchito kuti mudzakambirane pamaso pawo. Milandu yambiri imathera pamenepo. Imene yakanika imapita ku nthambi ya High Court yoona za ntchito, Industrial Relations Division, ndipo kumeneko dandaulo limayenera kukafika pasanathe masiku 90 kuchokera pamene njira zina zokambirana zatha. Opanda ndalama ya loya akafunse thandizo ku Legal Aid Board, atanyamula chitupa chawo, kabuku ka maola kaja ndi kalata iliyonse imene a Leba anawalembera.